Kodi osewera achisodzera a masiku ano ndi olobodoka, kapena zili m'kamwa mwa masapota basi?

Wapakati8

Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Masapota a matimu odana akamakangana, kaya ndi a Arsenal ndi Tottenham, kaya a Chiefs ndi Pirates, mkangano umakathera pa mawu amodzimodzi: "Tianyamata tanu tija ndi tolobodoka, kungotikhudza pang'ono tagwa." Enawo amabwezanso chimodzimodzi. Akatopa kunyozana amadzagwirizana pa mfundo imodzi, yoti vuto ndi makulidwe a ana a masiku ano. Amati mwana akukulira pa foni, ku pulakatisi amachita kumuperekeza, amasewera pa kapinga wosalala atavala nsapato zabwino, ndiye akakumana ndi wotchinga kumbuyo wankhanza, kapena bwalo lodzadza ndi anthu omukuwiza, miyendo imayamba kumulemera.

Ine ndili pakati. N'zoona kuti m'mizinda yambiri ana osewera mpira wachikulunga mumsewu mpaka mdima achepa. Komatu Lamine Yamal anachinya France mu ndime ya matimu anayi ya Euro 2024 ali ndi zaka 16, dziko lonse likuonera, ndipo mwana wolobodoka sangachite zimenezo.

Ndiye inu amene mumazidziwa bwino, ndiuzeni. Kodi chilipo chimene chatayikadi mwa ana a lero, nanga ndi chiyani kwenikweni? Munthu amene akuphunzitsa ana a zaka 10 mpaka 16 angachibwezeretse bwanji popanda kuwavulaza? Ndikufuna zenizeni, zoti munthu atha kukachita pa bwalo, osati zongoti kale kunali amuna.

Kochi_wa_Ana

A Wapakati8, chotayika chilipo ndithu, ndipo dzina lake ndi maola.

Bungwe la WHO limati mwana wa zaka 5 mpaka 17 azichita zotulutsa thukuta mphindi 60 tsiku lililonse. Kafukufuku wake amene anatuluka mu 2019 anapeza kuti achinyamata 81 mwa 100 alionse a zaka 11 mpaka 17 padziko lonse sakwanitsa zimenezi. Pamenepa masapota sakunama, mwana wamba wa lero amakhala pansi nthawi yaitali.

Tawerengani nokha. Mwana wongodalira pulakatisi ya timu amapita katatu pa sabata, ola limodzi ndi theka ulendo uliwonse, kuphatikiza gemu imodzi. Amenewo ndi maola 6. Wa mumsewu, ngakhale atamasewera maola awiri okha pa tsiku, wafika 14. Ndipo mwa maola 6 aja ambiri amathera pa mzere. Tengani wotchi, musankhe mwana mmodzi, muzimuwerengera nthawi yokhayo imene ali ndi mpira kapena akuulimbirana. Ngati kochi waika ana 16 m'mizere iwiri kuti azidutsa m'makoni mmodzimmodzi, mudzagwira pakamwa ndi kuchepa kwake. Pa pulakatisi yabwino mpira uzikhala ukuyenda mphindi zosachepera 40 pa ola lililonse.

Mpira wa mumsewu unali ndi maphunziro ake. Munalibe oyimbira, choncho mwana akagwa n'kumadikira wezulo, mpira umakhala utapita kalekale. Misinkhu inkasakanikirana: wa zaka 9 ankalimbana ndi wa zaka 12, ndipo poti sakanamuposa mphamvu, ankaphunzira kuika thupi pakati pa mdani ndi mpira, kuumasula msanga, ndi kudumpha mwendo ukamabwera. Bwalo linali la mabampu, akakolo n'kuzolowera kudzikonza okha munthu akaponda molakwika. Ogonja ankatuluka n'kukadikira panja, ndiye chigoli chilichonse chinkawawa. Onani kumene osewera aluso ndi olimba akutulukirabe mpaka lero: madera a m'mphepete mwa Paris monga Bondy komwe anakulira Kylian Mbappé, timabwalo totchinga ndi waya ta kumwera kwa London komwe anakulira Jadon Sancho ndi Wilfried Zaha, ndi futsal ya ku Brazil, mpira wa asanu ndi asanu pa kabwalo kolimba. Konseko ndi malo opanikiza, anthu ambiri, gemu zosatha.

Zimenezi zimatheka kuzibwezeretsa. Yambani ndi kuteteza mpira. Lembani kabokosi ka mamita 5 mbali zonse, muikemo ana awiri olemera mofanana, mmodzi ali ndi mpira, winayo aulande. Masekondi 20 mpaka 30, apume mphindi imodzi, asinthane, maulendo 6. Woteteza aime cham'mbali, phewa litaloza mdani, mawondo atapindika, mapazi atatalikirana kuposa mapewa, mkono wa mbali ya mdani utauma ndi kutambasuka pang'ono koma osaukupiza, mpira uli ku phazi lakutali. Zolakwika zimakhala zomwezomwezo nthawi zonse: mwana waima chowongoka, mapazi ali pamodzi, wapatsa mdani msana wonse, mpira uli ku phazi lapafupi. Wotereyu ngakhale kamwana kochepa thupi kamamugwetsa, anthu n'kumati ndi wofooka pomwe cholakwika ndi kaimidwe.

Akazolowera zimenezo, alowe ku phewa ndi phewa. Kunkhunizani mpira mamita 10 kutsogolo, awiri authamangire limodzi. Malamulo amalola kukankhana ndi phewa bola mpira uli pafupi, mkono uli m'thupi, ndipo sukugunda mnzako kumsana. Chofunika ndi nthawi yake. Gunda pamene mdani wapondera phazi lake lakutali, chifukwa apo alibe mwendo wina woti atsamirepo, kenako lowetsa mwendo wako patsogolo pake kuti njira ikhale yako.

Aphunzitseninso kugwa, mphindi 5 zokha pa pulakatisi iliyonse, pa kapinga kapena pa mchenga. Chibwano pachifuwa, mkono utapindika, kugubuduka pa phewa. Wogwa n'kutsamira dzanja lowongoka ndiye amathyoka mkono kapena fupa la pakati pa khosi ndi phewa. Mwana wodziwa kugwa saopa kulowa pa mpira wa onse awiri.

Mphindi 25 zomaliza zikhale za atatu ndi atatu pa bwalo la mamita 25 ndi 20, gemu iliyonse mphindi 3 kapena 4, opambana atsale, popanda oyimbira. Inu kochi mutseke pakamwa, mungolowererapo mukaona ngozi. Fawulo aziweruza okha, azikangana, azigwirizana. Kamodzi pa sabata sakanizani misinkhu, koma kusiyana kusapose zaka ziwiri. Dziko la Germany linaona kufunika kwa zimenezi moti kuyambira sizoni ya 2024/25 ana aang'ono kwambiri kumeneko akusewera awiri ndi awiri kapena atatu ndi atatu pa timagolo ting'onoting'ono, kuti aliyense azikhudza mpira ndi kulimbana ndi mdani kambirimbiri.

Kuzungulitsa ana bwalo ngati chilango, kuwamana madzi ndi kuwakalipira sizilimbitsa aliyense. Wokalipiridwa amaphunzira kubisala. Mumuona akuima kuseri kwa mdani kuti asapatsiridwe mpira.

China chimene chimandidetsa nkhawa ndi kasankhidwe. Mu gulu limodzi la msinkhu, wobadwa mwezi woyamba ndi wobadwa mwezi wotsiriza amasiyana pafupifupi chaka chathunthu, ndipo pa zaka 13 wina amakhala atatha kale msinkhu pomwe mnzake mawu sanasinthe n'komwe. Makochi amatenga wamkulu thupiyo poganiza kuti ndiye wolimba. Iyeyo amakula akungokankha anzake osaphunzira kuteteza mpira, akafika zaka 18 onse amupeza, alibenso chida. Antoine Griezmann anakanidwa ndi matimu angapo a ku France chifukwa chochepa thupi mpaka anakatengedwa ndi Real Sociedad ku Spain. Declan Rice anachotsedwa ku Chelsea ali ndi zaka 14. Ochepa thupi ngati amenewa, akapanda kutayidwa, nthawi zambiri ndiwo amadzakhala ovuta kuwalanda mpira.

Wezulo_Mkamwa

Akulu Kochi afotokoza za ana, ine ndikambe za malamulo, chifukwa anthu akuyerekeza mipira iwiri yosiyana.

Kulimba kwa kale kumene timakutamanda, mbali yake yaikulu kunali kusowa pothawira. Mu ligi ya England kusintha wosewera kunayamba mu 1965, ndipo anali mmodzi yekha, wina akavulala. Ku World Cup kusintha kunayamba mu 1970, chaka chomwecho chimene makhadi achikasu ndi ofiira anayamba. Bert Trautmann, goloboyi wa Manchester City, anatsiriza fainolo ya FA Cup ya 1956 khosi litathyoka chifukwa panalibe lamulo lolola wina kulowa. Franz Beckenbauer anasewera ndi Italy mu 1970 phewa litaguluka, mkono atamumanga pachifuwa, chifukwa timu yake inali itasintha kale awiri ololedwa. Anali amuna olimba mtima, palibe angatsutse. Koma lero, pamene timu imasintha osewera asanu, kochi wosiya munthu wothyoka khosi m'bwalo angakhale wolakwira moyo wa munthu.

Ndiye pali amene mpira wakalewo unawadya. Mu September 1983 Andoni Goikoetxea anathyola kakolo wa Diego Maradona pomulowa chakumbuyo. Marco van Basten, amene anatenga Ballon d'Or, mphoto ya wosewera wopambana pa chaka, katatu, anasewera gemu yake yomaliza mu 1993 ali ndi zaka 28 zokha, kakolo atatheratu. Awa timawadziwa chifukwa anali otchuka. Anyamata a zaka 19 ndi 20 amene mabondo awo anathera m'maligi aang'ono palibe amawatchula. Timakumbukira opulumuka okha, n'kumati m'badwo wonse unali wachitsulo. N'chifukwa chake mu 1998, World Cup ya ku France isanayambe, anakhwimitsa lamulo kuti kulowa munthu chakumbuyo moika moyo wake pachiswe kukhale khadi yofiira.

Pamene nkhanza zinkachepa, liwiro linkakwera. Kuyambira 1992 goloboyi sagwiranso mpira womubwezera mnzake ndi phazi, ndiye kupuma kuja kobwezera kumbuyo kunatha. Kafukufuku wa Premier League woyerekeza sizoni ya 2006/07 ndi ya 2012/13 anapeza kuti mtunda wothamanga mwaliwiro unakwera ndi pafupifupi 30 pa 100 m'zaka zochepa chomwecho. Wosewera wa lero amayenda makilomita 10 mpaka 12 pa gemu, ndipo othamanga kwambiri amafika makilomita 35 pa ola. Pa liwiro limeneli kukhudza chidendene pang'ono kumakwanira kugwetsa munthu wamkulu. Pa TV, akamabwereza pang'onopang'ono, zimaoneka ngati palibe chachitika.

Za kudzigwetsa ndivomereze kuti zilipo ndipo zimanyansa. Koma gwero lake ndi phindu, osati makulidwe. Wosewera akakokedwa jezi mu bokosi n'kulimbikira kuima, kawirikawiri oyimbira amati sewerani. Akagwa, penate. Malamulo amati wodzigwetsa apatsidwe khadi yachikasu, koma oyimbira ambiri amaopa kuitulutsa. Mwana amaona zimenezi n'kutengera. Amene mumayimbira gemu za ana muli ndi mankhwala m'manja: wina akachitiridwa fawulo n'kukhalabe chiimire, dikirani masekondi awiri kapena atatu, ngati mwayi wake watayika bwererani mukamupatse fawulo yake, ndipo munene mokweza kuti mwaiona. Akadziwa kuti kuima sikumuluzitsa kanthu, asiya kugwa.

Mayi_Fizo

Bambo Wapakati8, mwafunsa kuti "popanda kuwavulaza", ndiye ndiyankhe pamenepo, chifukwa mawu oti "limba, ndiwe mwamuna" awononga mabondo ambiri.

Thupi la mwana si la munthu wamkulu wochepa. Anyamata ambiri amakula mofulumira kwambiri pa zaka 13 mpaka 14, atsikana cha pa 11 mpaka 12, ndipo pa chaka chimodzi mwana atha kutalika masentimita 8 mpaka 10. Mafupa amatsogola, minofu ndi mitsempha n'kumatsalira, ndiye zimakoka pamalo pamene fupa lidakali lanthete. Pansi pa bondo, pomwe pali kafupa kotukuka, pakamapweteka mukadina kapena mwana akamathamanga ndi kudumpha, ndi vuto lotchedwa Osgood-Schlatter. Kuchidendene, makamaka kwa a zaka 8 mpaka 14 osewera pa bwalo louma, ndi la Sever. Nthawi imeneyi mwana amaonekanso ngati waiwala mpira, miyendo sikumumvera, amagwa chisawawa. Apa ndi pomwe ambiri amatchedwa olobodoka, pomwe akungokula.

Muyezeni kutalika miyezi itatu iliyonse, m'mawa, opanda nsapato, atatsamira khoma. Ngati wawonjezera masentimita awiri kapena kuposa, walowa mu nyengo imeneyi. Chepetsani kudumpha ndi kuthamanga kwa liwiro, muonjezere za luso ndi zoima mwendo umodzi, koma musamuchotse pagulu. Lamulo losavuta kulikumbukira ndi lakuti maola a masewera okonzedwa pa sabata asapose zaka za mwanayo, akhale ndi tsiku limodzi kapena awiri opuma, ndipo wa zaka 13 mpaka 18 azigona maola 8 mpaka 10. Apa ndi pomwe foni imalakwiradi osewera: imadya tulo.

Mwana aphunzire kusiyanitsa ululu. Kulemera kwa minofu ya miyendo yonse iwiri tsiku lotsatira pulakatisi yolimba, kumene kumachepa akatenthetsa thupi, atha kusewera nako. Ululu wobaya pamalo amodzi oti atha kuloza ndi chala, wa pa fupa kapena mkati mwa bondo, womutsimphinitsa, wotupa, kapena womudzutsa usiku, aime ndipo aonedwe ndi achipatala.

Kulimbitsa kwenikweni ndi uku. Ndondomeko ya FIFA 11+ imatenga mphindi 20 potenthetsa thupi, ndipo ikamachitidwa kosachepera kawiri pa sabata imachepetsa kuvulala ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu. Ilinso ndi mtundu wake wa ana osakwana zaka 14. Kwa azaka 14 kupita m'tsogolo onjezerani Nordic, yolimbitsa mnofu wa kuseri kwa ntchafu. Wosewera agwade pofewa, mnzake amugwire akakolo mwamphamvu, iye azigwera kutsogolo pang'onopang'ono masekondi 3 kapena 4, thupi lili chowongoka kuyambira m'mawondo mpaka kumutu, atsamire manja akafika pansi. Sabata yoyamba achite kasanu, apume, abwerezenso kasanu, kamodzi kokha pa sabata. Muzionjezera pang'onopang'ono mpaka magawo atatu a 8 mpaka 12. Ambiri amalakwitsa popinda chiuno, ndiye mnofu sugwira ntchito, kapena poyamba ndi zambiri tsiku loti mawa kuli gemu.

Achisodzera a pamwamba a lero vuto lawo ndi kuchulukirwa, osati kusasatitsidwa. Pedri anasewera gemu 73 mu sizoni ya 2020/21, za Barcelona, za Euro ndi za Olympics ku Tokyo, ali ndi zaka 18. Sizoni zotsatira anavutika ndi minofu ya ntchafu mobwerezabwereza.

Za mutu ndiye musanyengerere. Jeff Astle, katswiri womenya mpira ndi mutu, anamwalira mu 2002 ndi matenda a ubongo amene ofufuza za imfa yake anati anadza ndi ntchito yakeyo. Mu 2019 akatswiri a ku University of Glasgow anapeza kuti osewera akale ankafa ndi matenda owononga ubongo kuwirikiza katatu ndi theka kuposa anthu ena. N'chifukwa chake America inaletsa kumenya ndi mutu kwa ana a zaka 10 kutsika m'munsi mu 2015, ndipo England inaletsa pa pulakatisi za ana aang'ono mu 2020. Mwana akagundidwa kumutu n'kumamva chizungulire, mutu, nseru, kuona zinthu ziwiriziwiri, kapena kusokonezeka ndi funso wamba ngati loti zigoli zili bwanji, atuluke ndipo asabwererenso tsiku limenelo ngakhale atalira. Malangizo a ku Britain a masewera a m'madera amati papite masiku osachepera 21 asanasewere gemu.

Wapakati8

Zikomo nonse, za thupi ndamva. Koma nanga za masapota zija? Mwana atha kukhala wolimba pa pulakatisi, komabe gemu ya derby, ya matimu odana aja, ndi ina. Anthu 50,000 akukutukwana, ena ndi ako omwe. Kodi pamenepo si pomwe a lero akuchepera?

Sapota_Mkhalakale

Achimwene, pamenepo ndiye ndikukanirani, chifukwa katundu amene achisodzera a lero akusenza ndi wolemera kuposa wa akale.

Choyamba tivomereze mmene ife masapota timaonera. Wosewera wa timu yodana nayo akagwa timati wadzigwetsa, wathu akagwa timati amuchita chipongwe. Wawo akapsa mtima ndi wopanda mwambo, wathu ndi wokonda jezi. Mawu oti wolobodoka ndi chida cha mkangano, ndipo bola akhale pakati pa akuluakulu onyogodolana, alibe vuto. Amapweteka akagwera pa mwana wa zaka 17.

Kuti phokoso limagwira ntchito, umboni unapezeka mu 2020 pamene mabwalo anatsekedwa chifukwa cha Covid-19. M'maligi ambiri mwayi wa timu ya pakhomo unatsika, ndipo makhadi opita kwa alendo anachepa. Ndiye khamu limagwedeza ngakhale oyimbira okhwima.

Kale nkhanza zinalipo zoopsa. Luís Figo atachoka ku Barcelona kupita ku Real Madrid mu 2000, anamuponyera mutu wa nkhumba ku Camp Nou, bwalo la Barcelona, mu November 2002 akukamenya kona. Koma Figo anali bambo wa zaka 30, ndipo akatuluka m'bwalo chipongwecho chinkatsala komweko. Lero chimalowa m'thumba, mpaka kuchipinda. Bukayo Saka anaphonya penate yomaliza mu fainolo ya Euro ku Wembley mu July 2021 ali ndi zaka 19, ndipo usiku womwewo iye, Marcus Rashford ndi Sancho anatukwanidwa za khungu lawo pa intaneti. Saka yemweyo anadzakhala womenya mapenate ku Arsenal, ndipo pa Euro 2024 anaimanso pa mzere wa mapenate ndi Switzerland n'kuchinya. Vinícius Júnior anatukwanidwa za khungu ku Valencia mu May 2023, sanakhale chete, ndipo mu June 2024 masapota atatu anagamulidwa kukhala kundende miyezi 8. Ameneyo si m'badwo wofooka.

Chimene chimagwetsa achisodzera pa derby kawirikawiri si mantha, ndi kutentha mutu. David Beckham anali ndi zaka 23 pamene anabwezera Diego Simeone n'kuona khadi yofiira mu 1998. Wayne Rooney anali ndi 20 pamene anatulutsidwa pa gemu ya Portugal mu 2006. Onsewa palibe ankawatcha olobodoka, koma mdani anadziwa pokanda.

Kukonzekeretsa wachinyamata kumatheka. Derby yake yoyamba alowe mphindi 20 zomaliza, osati kuyamba, ndipo aikidwe mbali imene kuli mkhalakale woti azimulankhula. Auzidwiretu zimene akamve, mawu ake enieniwo, kuti asakadzidzimuke. Mipira itatu yoyamba apatsire pafupi, ya njomba ibwere mwendo ukakhazikika. Akalakwitsa akhale ndi kachizolowezi kamodzi kokha: kukoka mpweya masekondi 4, kuutulutsa masekondi 6, kuyang'ana pomwe pali mdani wake, basi. Pa pulakatisi, kamodzi pa sabata, kochi awachenjeze kuti lero ndiyimba zokhota dala, kenako aone amene akusiya mpira n'kumatsata oyimbira. Mapenate azimenyedwa kumapeto atatopa, anzawo akuchita phokoso kuseri kwa golo, ndipo aliyense amenye kamodzi kokha, popanda kubwereza. Gemu ikatha, foni ikhale kutali maola 24, apambane kapena agonje.

Pa gemu za ana, masapota oopsa kwambiri ndi makolo. Mangani chingwe mamita awiri kapena atatu kuchoka pa mzere, makolo onse mbali imodzi, makochi mbali inayo, kuseri kwa golo kusakhale munthu. Kuchemerera kuloledwe, kulangiza ndi kutukwana oyimbira ayi. Mwana amene akumva mawu atatu osiyana, a kochi, a bambo ake ndi a mnzake, amaima njii ndi mpira, ndipo kuima kumeneko ndi komwe anthu amakutcha mantha.

Ndipo ife akuluakulu tisamasilire udani wa kale ngati unali sukulu ya amuna. Ku Accra pa 9 May 2001, pa gemu ya Hearts of Oak ndi Asante Kotoko, masapota anaponya mipando ndi mabotolo, apolisi anathira utsi wokhetsa misozi, zipata zinali zotseka, anthu 126 anafa. Ku Port Said mu February 2012 anafa 74 itatha gemu ya Al Masry ndi Al Ahly. Ku Argentina analetsa masapota a alendo m'gemu za ligi mu 2013, ndipo fainolo ya Copa Libertadores ya 2018 ya River Plate ndi Boca Juniors inakaseweredwa ku Madrid basi ya Boca itagendedwa. Palibe wosewera amene analimba chifukwa cha zimenezi.

Kochi_wa_Ana

A Sapota anena zoona, ndingoonjezera chimodzi chimene pulakatisi singapereke. Mnyamata wa zaka 17 kapena 18 amene wangosewera ndi anzake a akademe, sukulu ya mpira ya achisodzera, ayenera kukalawa mpira wa akuluakulu, kumene mapointi ndi malipiro a bambo wa ana atatu. Luka Modrić anabwerekedwa ku Zrinjski Mostar mu ligi ya Bosnia mu 2003 ali pafupifupi zaka 18, wochepa thupi chomwecho. Harry Kane anadutsa ku Leyton Orient ndi Millwall asanakhazikike ku Tottenham.

Koma pali njira yake. Yambani mwaona kuti kukula kofulumira kuja Mayi Fizo anena kwadutsa. Azichita pulakatisi ndi akuluakulu kamodzi kapena kawiri pa sabata kwa miyezi iwiri kapena itatu, kenako alowe mphindi 20 mpaka 30 pa gemu, osati kusewera ya achisodzera Loweruka n'kudzaseweranso ya akuluakulu Lamulungu. Pomubwereketsa, funsani kochi wa kumeneko kuti akamuika malo ati ndipo alipo angati pa malowo. Ngati pali akuluakulu awiri patsogolo pake, akakhala pa benchi sizoni yonse, ndiye ndi bwino apite ku timu ya ligi yotsikirapo kumene akasewere gemu 25 kapena 30.